Phokoso, Kutentha ndi Chithunzi m'Makina a Masewero a pa Kanema

Munthu amene adayimapo pakhomo pa kanyumba kamene anyamata amaseweramo mpira wa pa kanema, kaya ndi mumzinda kaya pa msika wa kuboma, amadziwa kuti m'menemo mumatuluka phokoso la mitundu iwiri. Loyamba ndi la anyamatawo chigoli chikalowa. Lachiwiri silimveka msanga. Ndi mkokomo wapansipansi, wonga wa njuchi zili mu mphako ya mtengo, wochokera m'kabokosi kamene kamakhala pansi pa wailesi ya kanema. Woika dzanja kumbuyo kwa kabokosiko amamva mpweya wofunda ngati wa pa mbaula imene ikuzirala. Nkhani ya lero ikunena za phokoso lachiwirili, za mpweya wofundawo, ndi za chithunzi chokongola chimene anyamata aja amachiyang'ana osaphethira. Zinthu zitatuzi ndi ana a mimba imodzi, ndipo wogula makina otere osadziwa ubale wao akhoza kutaya ndalama zimene adasonkhanitsa chaka chathunthu.

Choyamba chofunika kuchimvetsa n'chakuti makina a masewero saonetsa chithunzi chimene chidajambulidwa kale monga umachitira kanema wa filimu. Iwo amajambula chithunzi chatsopano pomwepo, molingana ndi m'mene wosewera wagwedezera zala zake, ndipo amatero ka 30 kapena ka 60 pa sekondi imodzi. Chithunzi chilichonse n'chopangidwa ndi timadontho. Chimene amachitcha 720p chili ndi timadontho 921,600. Cha 1080p chili nato 2,073,600. Pamene cha 4K chili nato 8,294,400. Kadontho kalikonse kamafuna masamu akeake: mtundu wake, kuwala kwake, ndiponso ngati kali padzuwa kapena pamthunzi. Masamu onsewa amachitikira m'kachidutswa kakang'ono ka silikoni kamene amisiri amakatcha chip, koma m'nkhani ino katchedwa ubongo wa makina. Ubongowo umaganiza ndi magetsi, ndipo pafupifupi magetsi onse olowa m'makina amatulukamo atasanduka kutentha. Makina odya mawati 200 amafunditsa chipinda mofanana ndi mababu akale aja awiri a mawati 100. Kusiyana kwake n'kwakuti m'makinamo kutentha kochuluka kumachokera pamalo ochepa kuposa chibiriti.

Kutenthako kukapanda kuchotsedwa, ubongo umaonongeka. Motero amisiri amausanjika ndi chitsulo cha zipsepse zambiri, chonga cha pa injini ya njinga yamoto, ndi kuika fani yoti izipemerera zipsepsezo. Tsono fani ikazungulira siilephera kulira. Akuluakulu adati walira mvula walira matope: wofuna chithunzi chosalala wafuna masamu ambiri, ndipo masamuwo amabwera ndi moto ndi mkokomo wao.

Makina oyambirira adalibe vuto limeneli. Magnavox Odyssey, imene idatuluka ku America m'chaka cha 1972, idali chete kotero kuti ngakhale masewero ake adalibe mau. Famicom ya kampani ya Nintendo ya 1983 idalibe fani, chimodzimodzinso PlayStation yoyamba ya 1994. Kafani kadayamba kumveka m'nyumba zambiri ndi PlayStation 2 m'chaka cha 2000, koma kadali kosavutitsa. Mkangano weniweni udabuka zaka zisanu pambuyo pake, ndipo mpofunika kukhalitsapo, pakuti makina a nthawi imeneyo akadagulitsidwabe ngati kaunjika.

Mu Novembala 2005 kampani ya Microsoft idatulutsa Xbox 360. Cholinga chidali kutsogola a Sony ndi chaka chathunthu, ndipo adatsogoladi. Makinawo adali oyera, ochepa m'chiuno, okongola kuwaona. Kuti akhale ochepa chotero, gawo losinthira magetsi adalitulutsa kunja, nilikhala chibokosi cholemera chogona pansi, chopereka mawati 203. M'kati mudali mopanikizana. Ubongo wojambula zithunzi, wopangidwa ndi kampani ya ATI, udaikidwa kunsi kwa chozunguzira chimbale, kumene chitsulo chake cha zipsepse chidayenera kukhala chachifupi. Kumbuyo kudali timafani tiwiri. Phokoso lalikulu silinkachokera ku timafanito ai, koma ku chozunguzira chimbale cha DVD, chimene chinkathamanga kwambiri kuti masewero aziyamba msanga.

Pa batani loyatsira padali mkombero wa nyale zinayi zobiriwira. Posakhalitsa anthu m'maiko ambiri adayamba kuona nyale zitatu mwa zinayizo zitasanduka zofiira, chithunzi chitazimiratu. Osewera adautcha mkombero wofiira wa imfa. Ena, posowa pogwira, adatulukira njira yodabwitsa: ankakulunga makinawo m'mathaulo ndi kuwayatsa kuti atenthe kopitirira, pokhulupirira kuti mtovu wolumikiza tizipangizo usungunuka nkugwirananso. Nthawi zina makinawo ankatsitsimukadi kwa masiku owerengeka, kenaka nkuferatu. Njirayi idali yoopsa, yokhoza kutentha nyumba, ndipo palibe mmisiri wanzeru amene angailangize. Mu Julayi 2007 a Microsoft adavomera kuti vutolo lidalipo ndithu. Adatalikitsa lonjezo lao lokonza ulere kufikira zaka zitatu, ndipo adapatula ndalama zopitirira madola biliyoni imodzi zochitira ntchitoyo. Peter Moore, amene ankatsogolera nthambi ya Xbox panthawiyo, adafotokozapo pambuyo pake m'mene adapitira kwa mkulu wa kampani, Steve Ballmer, kukapempha madola 1.15 biliyoni, ndi m'mene Ballmer adavomerera osazengereza.

Chifukwa chenicheni chidakhala chikutsutsidwa kwa zaka zambiri. M'chaka cha 2021, m'filimu yofotokoza mbiri ya Xbox yotchedwa Power On, amisiri a kampaniyo adalongosola kuti chopha makina sikudali kukwera kwa kutentha pakokha, koma kutentha ndi kuzizira mobwerezabwereza. Chinthu chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimanyala. Timfundo tating'onong'ono tolumikiza ubongo wojambula tinkakokeka ndi kubwerera tsiku ndi tsiku mpaka kuthyoka. Mwana aliyense amene adawumbapo galimoto ya mawaya amaudziwa mchitidwe umenewu: waya wosowa chodulira amaupinda uku ndi uku mpaka uduke wokha.

PlayStation 3 idafika mu Novembala 2006, itachedwa ndi chaka. A Sony adasankha njira ina. Makina ao adali aakulu, akuda mbii, olemera makilogalamu 5, gawo la magetsi lili m'kati momwemo, ndipo kunsi kwake kudali chifani chimodzi chachikulu cha masentimita pafupifupi 16. Apa pali nzeru yoyenera kuisunga. Fani yaikulu imakankha mpweya wochuluka ikuzungulira pang'onopang'ono, pamene yaing'ono iyenera kuthamanga ngati yopenga kuti ikankhe mpweya womwewo. Ndiye chifukwa chake PlayStation 3 yatsopano idali yofatsa kuposa mnzake, chingakhale inkadya magetsi ochuluka chimodzimodzi, pafupifupi mawati 200 posewera. Chozunguzira chimbale chake cha Blu-ray chidalinso chodekha, komatu kudekhako kudali ndi mtengo wake: masewero ena ankachedwa kuyamba, ena ankafuna kuti ayambe akopedwa m'nkhokwe ya m'kati mwa makina, wosewera ali chidikirire. Mtengo wa m'sitolo nawo udali wowawa, madola 499 kapena 599. Ndipo nayonso idali ndi nthenda yake. Makina ambiri oyambirirawo atakalamba ankaphethira nyale yachikasu ndi kuzima.

Nanga pa chithunzi adapambana ndani? Papepala PlayStation 3 inkaoneka yoopsa, chifukwa cha ubongo wake wotchedwa Cell, umene adaupanga mogwirizana a Sony, a Toshiba ndi a IBM. Koma Cell idali ngati ng'ombe yamphamvu yovuta kuimanga m'goli. Olemba masewero adavutika nayo zaka zingapo. Kuonjezera apo, malo okumbukira zinthu a PlayStation 3 adagawidwa pawiri, mamegabaiti 256 uku ndi 256 uko, pamene Xbox 360 idali ndi 512 pamodzi, oti wolemba masewero agawe m'mene afunira. Chotsatira chake chidali chakuti masewero ambiri otuluka pa makina onse awiri ankayenda mosalala pa Xbox 360. Sewero la Bayonetta ndi chitsanzo chotchuka. La Skyrim, la 2011, pa PlayStation 3 linkayamba kutsimphina wosewera akafika nalo patali. Komabe amene adaiphunzira Cell mofatsa adaonetsa zodabwitsa: kampani ya Naughty Dog idatulutsa Uncharted 2 mu 2009 ndi The Last of Us mu 2013, ndipo zithunzi zake zidali m'gulu la zokongola koposa za nyengo yonseyo.

Pamene njovu ziwirizi zinkalimbana, Nintendo idadutsa chapambali ndi kabokosi kotchedwa Wii, ka mu Novembala 2006. Sikankadya ngakhale mawati 20, kulira kwake kudali kosamveka, ndipo chithunzi chake sichinkafika ngakhale pa 720p. Kadagulitsidwa kopitirira mamiliyoni 100, pamene PlayStation 3 ndi Xbox 360 iliyonse idapitirira pang'ono mamiliyoni 80. Mabanja ambiri, zikuoneka, sadawerengeko timadontho.

Chimene chidachiritsa makina aakulu aja ndi kuchepetsa. Chaka ndi chaka mafakitale adaphunzira kusema tinjira ta magetsi ta mu ubongo mochepera: kuchokera pa muyeso wa mananomita 90 kufika pa 65, kenaka 45. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita. Tinjira tikachepa, masamu omwewo amadya magetsi ochepa. PlayStation 3 yopyapyala ya 2009 inkadya pafupifupi theka la magetsi amene ya 2006 ija inkadya. Xbox 360 S ya 2010 idataya timafani tiwiri tija nitenga fani imodzi yaikulu, monga ngati kuvomereza kuti mnzao adaona patali. Kale pang'ono, mu Novembala 2008, a Microsoft adali atalola kuti masewero azikopedwa m'nkhokwe ya m'kati, chimbale chizipuma, ndipo phokoso lidatsika kwambiri. Wogula makina a kaunjika a m'badwo umenewu asanyengeke ndi kukula kapena kunyezimira kwa oyambirira aja. Chithunzi chao n'chimodzimodzi ndi cha opyapyala, koma moto wao ndi wochuluka, ndipo kwa wodalira magetsi a dzuwa ndi batire kusiyanako kumaonekera madzulo omwewo.

M'chaka cha 2013 zinthu zidatembenuka. Wolumidwa ndi njoka amathawa ndi chingwe chomwe, ndipo a Microsoft adatulutsa Xbox One yaikulu ngati makina akale oonetsera makaseti a kanema, yokhala ndi chifani chachikulu pamwamba, chibokosi cha magetsi chikadali kunja. Idali yachete ndithu. PlayStation 4, imene idatuluka mwezi womwewo wa Novembala, idali yochepa thupi, gawo la magetsi lili m'kati, yotsika mtengo ndi madola 100, ndiponso yamphamvu koposa. Mphamvu yojambulayi amaiyeza ndi muyeso wotchedwa teraflop, ndiye kuti masamu miliyoni kuchulukitsa ka miliyoni pa sekondi imodzi. PlayStation 4 idali ndi 1.84, Xbox One 1.31. Kusiyanako kudaoneka poyera: sewero la Call of Duty: Ghosts lidatuluka pa 1080p ku PlayStation 4 ndi pa 720p ku Xbox One, timadontho tosakwana ndi theka lomwe. Koma mphamvu yochuluka m'thupi lochepa idabala zomwe zija. PlayStation 4, makamaka PlayStation 4 Pro ya 2016, idatchuka ndi kulira konga kwa ndege imene ikunyamuka, mwakuti ena ankasewera atavala zomvera za m'makutu. Xbox One X ya 2017, ya materaflop 6, idaposa onsewa pa mphamvu koma nikhalabe yofatsa, chifukwa cha kachipinda kopyapyala ka mkuwa kokhala ndi timadzi pang'ono m'kati. Timadzito timasanduka nthunzi pamalo otentha, nthunziyo imathawira kozizira ndi kusandukanso madzi, monga zimachitikira kunsi kwa chivundikiro cha poto, ndipo potero kutentha kumamwazika msanga.

Pofika mu Novembala 2020 makampani onse awiri adali ataleka kuchita manyazi ndi kukula. PlayStation 5 idatuluka yotalika masentimita 39, yokhala ndi fani ya masentimita 12 yokoka mpweya mbali zonse ziwiri, ndipo pakati pa ubongo ndi chitsulo cha zipsepse adathirapo chitsulo chamadzimadzi m'malo mwa phala limene amisiri amapaka nthawi zonse. Xbox Series X idaumbidwa ngati chumuni cha nyumba yowotchera fodya: mpweya umalowera kunsi, nukwera, nutulukira pamwamba pamene pali fani ya masentimita 13. Mmisiri wamkulu wa PlayStation 5, Mark Cerny, adafotokoza mu Malichi 2020 nzeru ina yatsopano. Kale amisiri ankangoyerekeza kuchuluka kwa magetsi amene sewero lolemetsa lingadye, ndipo akayerekeza molakwa fani ndiyo inkalipira. Tsopano adaika malire a magetsi osadumphika, kotero kuti ntchito ikachuluka ubongo ndiwo umachepetsako liwiro pang'ono, fani osakuwa. Papepala Series X ili ndi materaflop 12, PlayStation 5 ili ndi 10.28. Koma oyesa masewero a ku Britain otchedwa Digital Foundry, amene ntchito yao ndi kuwerenga timadontho ndi zithunzi za pa sekondi, adapeza kuti pa masewero ena oyambirira PlayStation 5 ndiyo inkayenda mosalala. Kwa munthu wamba wokhala pa mpando kusiyanako n'kovuta kukuona. Onse awiri ndi ofatsa kuposa makolo ao, ngakhale kuti eni ena amadandaula za kaphokoso kosongoka kochokera ku tizipangizo ta magetsi, osati ku fani.

Za kayezedwe ka phokoso mpofunika kuchenjera nazo, pakuti manambala ake amasokeretsa. Muyeso wake ndi desibelo, ndipo sukwera monga masitepe a makwerero. Phokoso likaonjezeka ndi madesibelo 10, khutu limamva ngati lawirikiza kawiri. Motero makina awiri osiyana ndi madesibelo asanu okha si ofanana monga nambala ikunamizira. Ndiponso muyeso wotengedwa choyezera chitagunda makina sungafanizidwe ndi wotengedwa patali mita imodzi. Palinso china chimene ogwira ntchito m'zipinda zojambulira mau amachidziwa bwino: khutu limakhululukira mkokomo wokhuthala wosasinthasintha, koma silikhululukira kaphokoso kosongoka kapena kokwera ndi kutsika. Mvula ya padenga imagonetsa tulo. Udzudzu umodzi umagoneka munthu m'maso.

Zonsezi zidayesedwa m'maiko ozizira, m'zipinda zopanda fumbi. Kuno nkhani imakula. Malangizo a kampani ya Sony amanena kuti PlayStation 4 ndi PlayStation 5 zizigwira ntchito pamalo ofunda kuyambira madigiri 5 kulekeza 35. Ku chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa malire amenewa panja pomwe, nanji m'kanyumba ka malata kodzaza anyamata. Fani siipanga mpweya wozizira. Imangodutsitsa umene yaupeza. Ukakhala wotentha kale, fani imathamanga kopitirira kuti ichotse moto womwewo. Fumbi la m'chilimwe likamata pa zipsepse limakhala ngati bulangete, ndipo phala lija la pa ubongo likakhalitsa limauma ndi kung'aluka. Makina amene adali chete ali atsopano koma tsopano akukuwa kuyambira poyatsa, kawirikawiri akupempha mmisiri woti awatsegule, awapukute, ndi kupaka phala latsopano. Kuwatsekera m'kabati poopa akuba kapena kuwafunditsa kansalu koluka kokongoletsa pabalaza ndi kuwabanikitsa. Okonza makina ku America adanenaponso kuti mphemvu zimakonda kumanga m'kati mwa PlayStation 4, polowera m'mipata ya mpweya ndi kukakhala pofunda pafupi ndi gawo la magetsi, mpaka kulipsereza. Makina oikidwa pansi pafupi ndi zotsala za chakudya ndiwo amagwidwa msanga. Wolandira Xbox 360 kuchokera kwa mbale wake wa ku America kapena ku Japan awerengenso zolembedwa pa chibokosi cha magetsi chija asanachilumikize, pakuti cha kumeneko chidapangidwira mavoti osapitirira 127, pamene a m'nyumba za kuno ndi 230.

Funso lakuti makina abwino koposa ndi ati lilibe yankho limodzi, koma pali mbali imene wogula wa kuno ayenera kupendekera. Timadontho 8,294,400 timafuna wailesi ya kanema yokhoza kutionetsa, yaikulu, ndi wopenya wokhala pafupi nayo. Pa wailesi yaing'ono yoyang'aniridwa ndi anthu khumi kuchokera pa benchi, 4K ndi 1080p n'zosasiyanitsika, ndipo ndalama zolipirira kusiyanako zangopita. Chimene diso limaona msanga ndi kusalala kwa kayendedwe: mpira woyenda pa zithunzi 60 pa sekondi umamvera zala kuposa woyenda pa 30. Ndipo chimene thumba limamva ndi kukhalitsa kwa makina. Mwini kanyumba ka masewero amapeza phindu pa maola amene makina ali moyo, osati pa kukongola kwa udzu wa m'bwalo la pa kanema. Chikomekome cha mkuyu chidapweteka ambiri mu 2005.

Wogulitsa makina a kaunjika amakonda kuwayatsa kwa mphindi ziwiri, chithunzi chioneke, ndalama zituluke. Mphindi ziwiri sizinena kanthu, chifukwa makina ozizira onse ndi aulemu. Wogula apemphe kuti alowetse sewero lolemetsa ndi kulisiya likuyenda kwa theka la ola kapena kupitirira, mau a wailesi ya kanema atatsitsidwa. Fani yokwera pang'onopang'ono ndi kukhazikika ili bwino. Yokuwa kosalekeza, yokhuluza ngati muli mchenga, kapena yoti mwadzidzidzi yangoti zii makina ali otentha, ndi chizindikiro choipa. Aikenso dzanja potulukira mpweya. Mpweya wofunda wotuluka mwamphamvu usamuopse, pakuti ndiwo umboni wakuti moto ukuchoka. Woopsa ndi mpweya wofooka, fani ikulira kwambiri, chifukwa pamenepo njira yatsekeka m'kati. Pomaliza ayang'ane timapepala tomatidwa pa zomangira za kumbuyo: tikakhala tong'ambika, makinawo adatsegulidwapo kale, ndipo wogulitsa afotokoze chimene adakatsatamo.